Khosi la Mphalapala

1946

Ana anga, za ubwana wanga ndizilumpha, chifukwa zimene zinandichitikira zinachitikiranso mwana wina aliyense wa ku Jenala masiku amenewo. Inu munandidziwa ndikuyendera misika kuyesa zikopa za ng'ombe, ntchito imene ndinaigwira mpaka kupuma. Koma mpeni ndinauphunzirira kwina, ndipo za kumeneko sindinakuuzenipo bwinobwino. Pamene Ambuye akadandisungira maso ndi dzanja, ndati ndilembe.

Nkhondo ya azungu itatha ndinali nditangokwatira mayi wanu, ndikukhala chikamwini kwawo. Munda unali wa apongozi, nkhokwe ya apongozi, ngakhale mthunzi umene ndinkapumirapo unali wa mtengo wa eni ake. Nditamva kuti mzungu wa esiteti ina m'tsinde mwa phiri la Michesi akufuna munthu wosenda nyama, ndinalawira kupita komweko. Dzina lake lenileni linkatikanika pakamwa. Tinkamutcha Bwana Fulumira, popeza mawu amenewo ndiwo ankatuluka m'kamwa mwake kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anandiponyera gwape wakufa ndi mpeni, nati, "Iwe senda. Bowo limodzi, pita kwanu." Malume anga anali atandiphunzitsa pa mbuzi. Ndinasenda, iye anakweza chikopa kudzuwa, sanapeze powala, ndipo ndinalembedwa.

Fodya wa Bwana Fulumira sankayenda bwino, ndiye chilimwe chikafika ankalandira mabanja a azungu ochokera ku Halale ndi ku Joni, n'kupita nawo kutchire kukaona nyama ndi kusaka. Lole inkatisiya kupitirira Chiringa, pamene msewu unkathera. Kuchokera pamenepo inali miyendo, kulowa m'dziko la Apwitikizi, dziko lomwelo limene bambo anga anathawako chibalo ali mnyamata. Iwo anatulukako mobisala, manja ali zii. Ine ndinkalowako masanasana, nditasenza bafa la dona pamutu.

Poyamba sindinkamvetsa. Anthu awa anali ndi nyumba za njerwa kwawo, zamagetsi ndi madzi m'katimo, koma ankakwera sitima ulendo wautali kudzagona m'matenti, kudyedwa ndi udzudzu ndi kashembe, n'kumati akupuma. Wophika wathu ankati mzungu akakhuta amafunafuna mavuto oti akasimbe kwawo. Koma chimene chinkandilasa ine chinali china. Iwo ankayenda ndi akazi awo ndi ana awo. Dzuwa likapendeka bambo ankakhala pampando wopinda, mwana pamwendo, mayi akupesa wina tsitsi, onse akuseka za mvuu imene anaiona ikuyasamula. Ine mkazi wanga anali kutali, ndipo sankadziwa ngakhale dzina la mtsinje umene ndinkamwa madzi ake.

Ntchito ya wosenda ndi yotere. Mlendo akaombera nyama, chimene amafuna si ndiwo ayi. Amafuna mutu ndi nyanga zake, ndi chikopa chonse cha khosi mpaka m'mapewa, kuti akafika kwawo amisiri akachiumbe, achipachike pakhoma ngati chamoyo. Ndinkasenda pang'onopang'ono, kutembenuza makutu, kupatula milomo, kusamala zikope, kenako kupaka mchere ndi kuyanika pamthunzi. Zigaza ndinkaziphika mu mgolo kuti mnofu uchoke. Fungo lake simungalikonde. Chifukwa cha fungolo msasa wanga unkamangidwa patali, kumene mphepo ikulowera, kuti dona asamve. Kumeneko ndinkadya ndekha ndi kugona ndekha, kulondera zikopa kuti afisi asakoke.

Amtengatenga ambiri anali Asilamu a ku Chiringa. Iwo sankadya nane mbale imodzi chifukwa manja anga ankagwira njiri ndi nguluwe. Alomwe anzanga anali ochepa, ndipo nditakana kachasu wawo anasiya kundiitana, n'kunditcha Abusa. Dzinalo linamera, mwakuti langa lenileni la Yotamu ndinkalimva kwa Bwana yekha. Ndinali ndi buku langa la Mawu a Mulungu lokulunga m'kansalu. Lasabata ndinkaimba ndekha motsitsa mawu, ndipo ndinaphunzira kuti nyimbo ya mpingo ikaimbidwa ndi munthu mmodzi imakhala ndi mipata, malo amene amayi akanalowa. Ndinkadzitonthoza ndi mneneri uja amene anakhala yekha kumtsinje, makungubwi akumubweretsera chakudya. Kwa inenso makungubwi ankabwera, koma kudzaba.

1947 mpaka 1948

Chaka chachiwiri kunabwera Che Amidu. Anali wamkulu kwa ine pang'ono, wamtali, wopyapyala, wa ku Chiringa komweko, ndipo anamulemba ntchito ya kuchinja. Mumvetse bwino ichi, ana anga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Msilamu sadya nyama yofa yokha. Ngakhale itagwa ndi chipolopolo, pamafunika Msilamu afike ikadali ndi moyo, aiyang'anitse kumpoto, atchule dzina la Mulungu, aidule pakhosi magazi atuluke. Akachedwa n'kuipeza itapita kale, nyamayo ndi haramu, ikhale njati yonona bwanji. Tsono mfuti ikalira Che Amidu ankathamanga ndi mpeni wake, ine pambuyo pake ndi wanga. Mipeni iwiri, khosi limodzi. Iye ankafuna kudula, ine ndinkafuna khosi lathunthu.

Tsiku loyamba anachinja ngoma yamphongo pansi pa chibwano penipeni, kuchokera khutu ili kufika khutu ilo. Mlendo anakalipira Bwana, Bwana anakalipira ine. Ndinamulondola Che Amidu kumtsinje kumene ankatsuka mpeni.

"Che Amidu, mwandiphetsa. Chikopa chija ndichisoka bwanji?"

"Soka ndi pemphero, Abusa. Si paja inu mumati chikhulupiriro chanu chimanyamula mapiri? Chingalephere kusoka ngoma?"

"Musaseke, ntchito indithera."

"Nanga anthu onsewa adye mchere wakowo?"

Iye anandiyang'ana, napukuta mpeni pa udzu, nati, "Chabwino, leka kulira. Bwera undisonyeze pamene mzungu wako sayang'ana."

Tinagwirizana kuti azidula m'munsi, pamene khosi likumana ndi chifuwa, malo amene ndinkatha kusoka osaoneka. Anakafunsa kwa Che Sumaili, kapitawo wa amtengatenga, munthu wachikulire amene ankawatsogolera pa mapemphero. Iwo anaganiza tsiku lathunthu, nati khosi ndi khosi, bola mpeni ulowe nyama ikadali moyo. Ndipo popeza nthawi zambiri nyama inkagwa patali, ofikapo msanga n'kukhala ife awiri okha, Che Sumaili anayamba kumandifunsa ine tikabwerera. Ankati wochinja sangadzichitire umboni yekha, Bwana anganene chilichonse kuti ulendo upitirire, koma ine ndinalibe phindu pa nkhaniyo, popeza ndikanadya ngakhale yofa yokha. Funso lawo linali limodzi: "Abusa, inatakataka?" Ine ndinkati, "Inatakataka, Che Sumaili." Pamenepo moto unkayatsidwa. Zinayamba ngati nthabwala, koma zinasanduka lamulo la ulendo wathu. Sindibisa, funso limenelo linkandikoma. M'msasa wonse ndi pokhapo pamene munthu ankafuna mawu anga.

Che Amidu anayamba kumabwera kumsasa kwanga masana, akuti kudzanola mpeni pa mwala wanga, ngakhale miyala inali mbwee kumtsinje. Ankabwera ndi kapu yakeyake, n'kukhala kumene mphepo ikuchokera. Anandiphunzitsa kulenga nyama mizere yopyapyala kuti iume msanga, ndikapite nayo kwa mayi wanu. Ine ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake m'zilembo zathu pamchenga, iye akuseka kuti timalemba chobwerera. Lachisanu masana ndinkamugwirira ntchito yake yotunga madzi kuti akapemphere ndi anzake. Lasabata iye ankakhala pa zikopa zanga kuingitsa makungubwi, kuti ine ndipite pansi pa mtengo ndi buku langa. Nthawi zina ndikuimba ndinkamva akung'ung'udza chapatali, akuphonya nyimbo yonse.

"Iwe ukanakhala Msilamu wabwino," anatero tsiku lina, "kungoti umanunkha."

"Inunso mukanakhala mkulu wa mpingo, kungoti simudziwa kuimba."

"Umandipempherera kuti nditembenuke, eti? Usakane, ndimakuona."

"Tsiku lililonse."

"Inenso ndimakupempherera. Tiyeni timusiyire Mwini wake, asankhe yekha pemphero loyankha."

Zaka ziwiri zimenezo tinayenda ndi mabanja osiyanasiyana. Ena anali aulemu, ena ankationa ngati mitengo ya m'njira. Panali dona wina amene sankafuna kuti chinthu chiphedwe, ankangojambula mbalame m'buku lake, mwamuna wake akuombera chilichonse choyenda. Onse ankabwera, kuseka, kupsa khungu ndi dzuwa, n'kubwerera kwawo ndi mabokosi a nyanga. Ife tinkatsala. Koma kusungulumwa kwanga kunali kutachepa, ndipo ndinkayamika Ambuye kuti anandipatsa mnzanga kuchokera kumene sindinkayang'ana.

1949

Chaka chimenecho mvula inadula, chimanga chinauma chisanamasule. Za njala imeneyo mwamva kwa ambiri, sindibwereza. Pofika chilimwe anthu ankabwera pa esiteti kudzapempha ntchito ya ulendo osafunsa za malipiro, kungofunsa ngati kuli phoso. Bwana sanapeze ufa wokwanira. Ananyamula umene anapeza, nati kutchire tikadya nyama.

Alendo athu anali banja la ku Joni: bambo wonenepa wovala magalasi, dona wake, ndi ana awiri aakazi osinkhukirapo. Wamkulu anali pafupi kukwatiwa, ndipo uwu unali ulendo wawo womaliza onse pamodzi. Sanali anthu oipa. Ankatipatsa moni. Bamboyo ankafuna chinthu chimodzi chokha, mutu wa mphalapala, ndipo anali atasiya kale malo ake pakhoma.

Kutchire tinapeza kutapsa. Zithaphwi zimene tinkazidziwa zinali ming'alu yokhayokha, ndipo nyama zinali zitasamukira kutali kulondola madzi. Tinayenda, tinayenda, osaona kanthu koma njiri. Bwana ankaombera njirizo, Alomwe anzanga ankadya, inenso ndinkadya, koma ndinkatembenukira kutchire kuti utsi wanga usapite kwa anzathu. Asilamu anayamba ndi theka la phoso, kenako phala lamadzimadzi, kenako kukumba mizu. Mmodzi anagwa ndi katundu pamutu, osadzukanso msanga. Komabe nthawi yawo ikakwana ankaima pamzere wawo, kusamba ndi mchenga popeza madzi anali akumwa okha, n'kugwada. Che Amidu anasiya nthabwala. Anthu ankayang'ana mpeni wake m'chiuno ngati kuti ndiwo ukukana kugwira ntchito. Potsiriza Che Sumaili anapita kwa Bwana, nati nyama yochinja ikapanda kupezeka msanga, iwo atula katundu abwerere kwawo miyendo ikadali ndi mphamvu.

M'mawa mwake tinatuluka ochepa: Bwana, banja lonse la alendo, Che Amidu ndi ine. Amtengatenga anatsala pamsasa kusunga mphamvu. Dzuwa litakwera pang'ono tinaiona, m'mphepete mwa dambo louma. Mphalapala yamphongo, yakuda bii, pamimba poyera, nyanga zitapindikira kumsana. Ndaona nyama zambiri, koma imeneyo Mlengi anaiumba mosafulumira. Bambo wa magalasi anagwada, naombera. Inadumpha, inathamanga pang'ono, n'kugwa cham'mbali, miyendo ikupalasa fumbi.

Che Amidu anali atayamba kale kuthamanga. Bwana anamugwira mkono.

"Ima! Chithunzi choyamba."

Mlendo anali atanena kuti akufuna chithunzi cha banja lonse ndi nyamayo isanadetsedwe ndi magazi. Ndipo mphalapala yovulala siyandikirika, nyanga zake zimang'amba munthu. Tsono anafuna kudikira kuti ikhale chete, ana aakazi aja ayandikire.

"Bwana, ikufa," anatero Che Amidu. "Ndidula pansi, sizioneka. Bwana, anthu aja."

"Ima, ndati."

Tsiku limenelo lokha Bwana sanati fulumira. Tinaima. Miyendo inapalasa, inapalasanso, n'kuyamba kufooka. Alendo anayandikira. Dona anapatsa Bwana kamera, anakonza chipewa cha mwamuna wake, anasuntha mwana wamng'ono kuti dzuwa lisamuthobwe m'maso. Anandiitana ine kuti ndidzutse mutu, ndiuchirikize ndi mwala, nyanga zioneke bwino. Mutuwo ndinaugwira ndi manja anga awa. Ndinaona diso litaima, ntchentche itatera pamenepo, chikope osaphethira. Anajambula, naseka, najambulanso.

Atatha, Che Amidu anagwada. Anatembenuzira mutu kumpoto, anatchula dzina la Mulungu, nadula m'munsi monga mwa pangano lathu. Magazi sanathovoke ayi. Anangotsika pang'onopang'ono, akuda. Sanandiyang'ane.

Bwana anabwera pafupi nane. "Iwe Yotamu. Inatakataka. Wamva?"

Ndinasolola mpeni wanga. Iye anatenga alendo kupita nawo pamthunzi, natuma Che Amidu kukaitana anthu adzanyamule nyama. Asanapite, Che Amidu anawerama ngati akutola chinthu, nalankhula motsitsa.

"Yotamu." Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa. "Anthu aja wawaona. Tchimo likhale langa, si lako. Iwe ungovomera ndi mutu."

Ndinatsala ndekha ndi mphalapala. Ndinasenda ndikupemphera, ndipo sindinapempherepo movutika chotero. Ndinakumbukira anamwino aja amene ananamiza mfumu kuti apulumutse makanda, Mulungu n'kuwadalitsa. Ndinakumbukira Ambuye akuleka ophunzira awo kubudula ngala tsiku la Sabata chifukwa cha njala. Koma ndinakumbukiranso lamulo la umboni wonama, ndi mwamuna uja ndi mkazi wake amene ananama pamaso pa mpingo n'kunyamulidwa ali mitembo. Ndipo panali china. Anthu awa anandipatsa ine, Mkhristu, kuti ndiwasungire khomo la chikhulupiriro chawo. Kwa ine nyamayo inali yoyera. Kwa iwo inali yodetsa, ndipo ndikanawadyetsa ndi pakamwa panga. Ndinapempha chizindikiro. Kumwamba kunali mbee, miimba yokha ikuzungulira. Kenako ndinapempha chinthu chaching'ono: Ambuye, lero lokha Che Sumaili aiwale kufunsa.

Amtengatenga anabwera akuimba. Anthu amene dzulo lake sankatha kukweza mapazi anabwera akuthamanga, ena atatola kale nkhuni m'njira. Che Sumaili anafika pambuyo ndi ndodo yawo, anayang'ana nyama, nayamika Mulungu. Kenako anatembenukira kwa ine akumwetulira, monga mwa masiku onse.

"Abusa, inatakataka?"

"Inatakataka pamene inagwa, Che Sumaili."

Kumwetulira kunachoka. "Sindinafunse zimenezo. Pamene mpeni unalowa."

Ndinaona Che Amidu ataima kumbuyo kwawo, maso ali pa ine. Ndinaona nthiti za anthu aja.

"Ayi. Inali itapita."

Nyimbo inaduka. Wina anagwetsa nkhuni. Kenako mmodzi wa iwo, bambo wa ana anayi amene ndinkamudziwa bwino, anandikuwira misozi ili m'maso.

"Ukanangokhala chete! Wodya osadziwa alibe mlandu! Tikanadya, Mulungu osatiwerengera kanthu. Tsopano watiuza, tidya bwanji? Watithandiza chiyani, iwe wonunkha?"

Zimenezo sindinkazidziwa, ana anga. Zaka zonsezo palibe anandiuzapo. Ngakhale ndikanadziwa, funso linali litafunsidwa, ndipo yankho likanatuluka m'kamwa mwanga ndithu. Koma mawu ake anandilowa ngati minga.

Che Sumaili anakweza ndodo kuti anthu akhale chete, natembenukira kwa Che Amidu. "Unatchula dzina la Mulungu pa yakufa?"

"Ndinatchula."

"Ukudziwa?"

"Ndikudziwa. Ndinaona njala."

Ena anati lamulo limalola munthu wa njala kudya. Che Sumaili anati limalola amene imfa yamufika pakhomo, koma iwo miyendo anali nayo ndipo njira ya kwawo ankaidziwa. Anauza Che Amidu kuti mpeni wake usadzakhudzenso nyama yawo. Kenako anatembenuka, anthu awo n'kuwatsatira, kusiya mphalapala ili gone pamenepo.

Dona anafunsa chifukwa chake anthu sakukondwa. Bwana anamuyankha m'Chingerezi mawu ochepa, ndipo mwana wamkulu uja anayamba kulira. Ulendo unathera pomwepo, pakuti popanda amtengatenga matenti sayenda. Bwana anatuma Mlomwe mmodzi kukafuna anthu m'midzi ya Apwitikizi kuti adzawatulutse. Kwa ine anati, "Maliza chikopa, pita. Ku Michesi ndisakuonenso." Ndinamaliza. Ndinapaka mchere bwinobwino, ndinasoka pamene Che Amidu anadula, osaoneka. Alomwe anzanga anandiponyera mizere ya nyama akuseka, nati Abusa alalikira mpaka mpingo wathawa.

Njira yobwerera inali imodzi. Asilamu ankayenda patsogolo pamodzi. Pambuyo pawo, patali, Che Amidu yekha. Pambuyo pake, patali, ine. Iwo akapuma, iye ankapuma pamtengo wake, inenso pa wanga. M'phukusi mwanga munali nyama imene sindikanatha kumupatsa, ndipo sindinathe kuidya iye akuona. Tinayenda chotero mpaka tinaona Michesi patsogolo. Pamphambano ya ku Chiringa anaima kundidikira.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi," anatero.

"Ndikudziwa, Che Amidu."

"Mulungu wako wakhuta tsopano?"

Anakhota kulowera kwawo.

Kunyumba ndinapeza mayi wanu ataonda, nkhokwe itagwetsedwa kuti nsungwi zake zikhale nkhuni. Nditafotokoza, apongozi aakazi anati, "Ndiye mwabwera ndi choonadi, akamwini? Tithire madzi angati pophika?" Nyama ya mphalapala ija ndiyo inatisunga masiku otsatira, ndipo ndinkaimeza movutika. Mkulu wa mpingo wathu anandiuza kuti ndinachita bwino. Ananena msanga, osafunsa zambiri, akuyang'ana kwina. Sizinanditonthoze.

1951

Njala itapita ndinapeza ntchito ya zikopa ija, ndipo iwe Marita unabadwa. Za Che Amidu ndinkamva kwa anthu a pamsika. Ankati palibe amene amamuitananso kukachinja, ngakhale nkhuku. Pa maliro ndi pa ukwati ankadutsa khomo lake kukaitana wina. Ankagulitsa matemba a ku Chilwa, amene safuna mpeni.

Pokonzekera ubatizo wako ndinagula mbuzi. Mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno: pakakhala phwando timaitana Msilamu adzachinje, kuti anansi onse adye. Ku Jenala analipo wochinja, nyumba yake yoonekera pakhomo pathu. Ine ndinabwereka njinga kupita ku Chiringa. Ndinamupeza atakhala pa chiguduli, milu ya matemba patsogolo pake.

"Ku Jenala Asilamu atha?" anafunsa nditanena chimene ndadzera.

"Alipo."

"Nanga?"

"Ndikufuna inu."

"Anthu sadya. Utaya mbuzi yako."

"Ndapita kale kwa Che Sumaili. Avomera kubwera."

Anatembenukira ku matemba ake, nayamba kuingitsa ntchentche. Ndinachoka osadziwa ngati abwera.

Anabwera, m'mawa wa tsikulo, atavala mkanjo woyera. Anthu anali atasonkhana kale, Akhristu ndi Asilamu, Che Sumaili atakhala pamphasa patsogolo, atakalamba kwambiri. Panali kunong'onezana. Che Amidu sanapereke moni kwa ine. Anangoti, "Gwira miyendo, Abusa." Ndinali nditavala kale malaya anga a kutchalitchi, koma ndinagwada. Anayang'anitsa mbuzi kumpoto, anatchula dzina la Mulungu mokweza kuti onse amve, nadula. Inandiponda pachifuwa mpaka ndinakhala pansi, magazi ali thoo pa malaya onse.

Che Sumaili anaona zonse ndi maso awo. Komabe anatsokomola, nafunsa kuti aliyense amve.

"Abusa, inatakataka?"

Ndinawasonyeza malaya. "Inatakataka, Che Sumaili."

Nyama itapsa iwo ndiwo anayamba kutapa, ena onse n'kutsatira. Koma Che Amidu anali atatsuka kale mpeni wake. Mayi wanu anamuyalira mphasa, iye anathokoza mwaulemu, nati ali ndi ulendo. Ndinamuperekeza mpaka kumsewu. Titafika kumeneko anaima.

"Dzina langa wandibwezera, Yotamu. Zikomo. Mwanayo Mulungu amukulitse."

"Tiyeni mukadye, Che Amidu. Pang'ono pokha."

Anapukusa mutu. "Tsiku lija ndinasenza njala ya anthu onse aja pamutu. Ndinayang'ana kumbali kuti pali mnzanga. Iwe sunalakwe, ndikudziwa. Koma ndikakuona ndimaona tsiku lija."

Anandigwira dzanja, nthawi yoyamba chidziwirane, napita. Ndinamva kuti anayambanso kuitanidwa kukachinja m'midzi yonse ya kumeneko, mpaka ukalamba wake. Tinkakumana pamsika wa Chiringa ine ndikuyesa zikopa, tinkapatsana moni wa anthu odziwana, iye n'kupitirira.

Musandifunse ngati ndinachita bwino, ana anga. Ndafunsa Ambuye zaka zonsezi, ndipo yankho ndikalimva ndikakaonana nawo maso ndi maso. Chimene ndikudziwa n'chakuti Che Sumaili atandifunsanso lero, ndingayankhe chimodzimodzi, ndipo mnzanga ndingamutayenso chimodzimodzi.

Tsiku la ubatizolo ndinaima pamsewu mpaka mkanjo woyera unazimirira kuseri kwa minda ya nandolo. Kumbuyo kwanga amayi anali atayamba nyimbo, ndipo wina ankandiitana kuti ndikasinthe malaya.